Sinowo wa ku Arrochar ndi Zala za Adadi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amalume a Wedisoni anabwera kudzationa ku Glasgow, ndipo ndikukumbukira kuti ndinawada asanatsike n'komwe ndege. Sikuti anali atandilakwira ayi. Chimene chinandinyansa ndi mmene nyumba yathu inasinthira zitangomveka kuti akubwera. Amami anachapa makatani amene sanalawepo madzi chilowereni chathu m'fulati ija ya ku Shawlands. Ine anandisamutsa kuchipinda kwanga n'kumandiyalira pa sofa. Adadi, munthu amene ankati akaseka azungu apansi pathu ankagogoda denga lawo ndi mtengo wa mopu, anayamba kuyankhula motsitsa mawu ngati m'nyumba mwagona maliro.

Amalumewo anali achimwene aakulu a amami. Kwathu ku Phalombe ana ndi akuchikazi, ndiye iwowo anali mwinimbumba, komanso ndi amene anaimira ukwati wa makolo anga ngati nkhoswe. Adadi, ngakhale anali injiniya woyendera milatho ya njanji, pamaso pa amalume anali mkamwini basi, ndipo mkamwini wamlandu: anatenga mlongo wa eni ake ndi mwana yemwe n'kupita nawo kutsidya kwa nyanja. Tsiku limene tinkanyamuka, ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, amalume anati, "Alamu, mbumba yangayi mukukaitaya m'chisanu." Mawu amenewo anakhala pakhosi pa adadi zaka zinayi. Tsopano mwayi unapezeka woti aonetse kuti sanatitaye.

Ndiyenera kunena za miyendo ya adadi, chifukwa nkhani yonseyi ndi ya miyendo imeneyo. Anakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo ali mnyamata ankasenza matabwa kuchokera pamwamba pa phiri, chopanda nsapato. Ku Glasgow kuno basi ankaiona ngati chinthu cha anthu odwala. Lamlungu ine ndi amami tinkakwera basi kupita kutchalitchi ku Gorbals, iwo n'kuuyamba wapansi, tikamafika n'kuwapeza ataima pakhomo akupukuta thukuta ndi hanki, akutiseka. Nthawi ya chopereka ndi iwo ankatsogolera mzere wa abambo, akuvina chobwerera m'mbuyo mpaka amayi a Mvano kululutira. Ine manyazi ankandigwira, koma mumtima ndinkanyadira. Panalibe mnzanga kusukulu amene bambo ake anali ndi miyendo yotero.

Amalume anafika mu Febuluwale. Sabata ziwiri zoyamba anazithera pafupi ndi hita, atavala majuzi awiri, akupeza chifukwa pa chilichonse: ufa wa m'mashopu a Amwenye ndi wosakoma, dzuwa la kuno ndi laulesi, mwana akuyankha Chingerezi chosamveka. Ndiye tsiku lina adadi anawatenga kukayenda kupaki ya Queen's Park, ndipo atakwera pakachitunda kena anaona mapiri kumpoto atayera mbee. Madzulo ake pakudya anati, "Alamu, ulendo wonsewu ndadzera kuti matalalawa ndidzaonere patali ngati ng'ombe za eni? Ndikufuna chithunzi nditaima pamwamba, akaone kumudzi."

Adadi sanaganize kawiri. "Loweruka tipita, alamu. Phiri ndiye kwathu."

Ine pamenepo mtima unadumpha, chifukwa sinowo, matalala amene amalume ankanenawo, ndinkamudziwa kuposa onse m'nyumba ija. Mwezi umodzi m'mbuyomo kalasi yathu inapita kukampu ya sabata yathunthu kumapiri, monga amachitira ana akuno akamamaliza pulayimale. Kumeneko kunali mayi wina wotiphunzitsa, wamtali, nkhope yong'aluka ndi mphepo, wosaseka. Anatiuza kuti sinowo si mmodzi. Alipo wongogwa kumene, wofewa ngati ufa. Alipo wonyowa, wolemera. Ndiye alipo woipa kwambiri kwa munthu wapansi: amene wagwa wambiri, n'kusungunuka pang'ono masana, n'kuumanso usiku. Ameneyo amakhala ndi khungu lolimba pamwamba, koma pansi pali phala. Anatiphunzitsa kuti pa sinowo wotero ntchito yonse imagwa pa wotsogola, choncho anthu amasinthana, ndipo ngati pali zopondera sinowo, amavala ndi wotsogolayo. Anatiuza kuti mapazi akanyowa, ulendo wathera pomwepo, mubwerere. Anatiuzanso kuti phazi likauma ndi chisanu mpaka kusiya kumva, osalitikita, osaliika pamoto, osaliviika m'madzi otentha. Madzi akhale ofunda chabe, oyesa ndi chigongono, kenako kuchipatala. Zonsezi ndinaziloweza ngati katekisimu. Sabata ya ulendo wathuyo sinowo anagwa Lachitatu, Lachinayi kunawala dzuwa, ndipo usiku wake kunazizira mpaka magalasi a galimoto kuuma.

Lachisanu adadi anabwera ndi zopondera sinowo zimene anabwereka kwa mnzawo wa kuntchito. Ndi zinthu zophwatalala, zazitali ngati mkono, zokhala ndi malamba omangira kunsi kwa nsapato kuti munthu asamatitimire. Amalume atazitembenuzatembenuza anaseka. "Azungu ndi ana ndithu. Malichero kumapazi?" Dzinalo linakhala lomwelo. Vuto linali loti malicherowo anali a munthu mmodzi. Komanso amalume anabwera ndi nsapato za kutchalitchi zokha, ndiye adadi anawapatsa mabuti awo oyendera m'mapiri, jekete yawo yabwino ndi buluku losalowa madzi. Iwo anavala jinzi ndi mabuti a kuntchito, aja okhala ndi chitsulo kutsogolo kwa zala.

Amami sanapite nafe. Anali kuholo ya tchalitchi tsiku lonse ndi amayi anzawo, kukonzekera phwando lotsanzikana ndi amalume, amene ankanyamuka Lachiwiri.

Tinadutsa nyanja ya Loch Lomond dzuwa likungotuluka, n'kukaimika galimoto kufupi ndi mudzi wa Arrochar. Kunja kunali zii, mphepo yoluma mphuno. Panali magalimoto ena atatu, azungu akumanga zikwama zawo. Ine ndinathamangira pamene msewu unathera n'kudumphira pa sinowo. Anandinyamula bwinobwino, ndinaima pamwamba ngati pa simenti. Adadi anabwera n'kupondapo phazi limodzi. Phwa! Analowa mpaka mumsongolo. Ndinadziwiratu kuti ndi sinowo uja wa mayi wa kukampu.

Pocheuka ndinaona adadi atagwada pansi, akumanga malichero kumapazi a amalume.

Chichewa changa nthawi imeneyo chinali chitayamba kuthawa, ndipo ndikapupuluma chinkatuluka ndi Chingerezi cha ku Glasgow. "Dad, that's no how ye dae it!" ndinakuwa, kutanthauza kuti si mmene amachitira. Ndinafotokoza zonse mothamanga: kuti avale ndi wotsogola, kuti adadi ndi olemera, kuti tizisinthana, kuti ine ndikhoza kutsogola chifukwa sindititimira.

"Akuti chiyani mwanayu?" anafunsa amalume.

"Akungosangalala, alamu," anatero adadi osadzutsa mutu.

Zimenezo zinandipweteka. Ndinasonkhanitsa Chichewa chonse chimene ndinali nacho, n'kuloza kumapazi a amalume ndi chala. "Muvule. Avale adadi."

Amalume anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumabuti, kenako anayang'ana adadi. Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anaseka pang'ono chabe. "Ohoo. Ndiye kulera kwa kuno kumeneku, alamu? Mwana kumuvula mwinimbumba nsapato, chala chili pamphuno?"

Adadi anadzuka pang'onopang'ono. Nkhope imene anandionetsa sindinaionepo. "Tiyamike, mwana sauza akulu poponda. Gwada, upepese."

"Koma adadi..."

"Ndati gwada."

Ndinagwada. Pa sinowo, pakati pa magalimoto, azungu aja akunamizira kuti sakuona. Kuzizira kunalowa m'mawondo, misozi ikutentha m'masaya. Ndinanena kuti pepani amalume, sindidzayambiranso. Ndipo pomwepo ndinalumbira mumtima kuti pakamwa panga sipatulukanso kanthu tsiku limenelo. Akulu amadziwa poponda eti? Chabwino, aponde. Ziwaonekere.

Tinandandalikana mmene anthu amayendera m'tinjira ta kumudzi m'mamawa. Mwamuna patsogolo kuti asanse mame ndi kukumana ndi njoka, mwana pakati, mlendo wolemekezeka pambuyo kuti aziyenda poyera. Adadi anachita kunena okha, "Kwathu mlendo satsogola m'mame." Ndiye munthu wa malichero anali kumbuyo, poti njira yapondedwa kale, ndipo munthu wa mabuti achitsulo anali patsogolo.

Phwa. Phwa. Phokoso limenelo ndimalimvabe. Phazi lililonse adadi ankaliika pamwamba, khungu lija n'kuwanyenga kamphindi ngati liwanyamula, kenako n'kusweka, mwendo n'kulowa mpaka m'bondo. Ankauzula, n'kuponda lina. Pena ankalowa mpaka m'ntchafu. Ine ndinkayenda chapambali pa maenje awowo, pamwamba, wopepuka ngati nkhuku. Amalume kumbuyo ankakodwa m'maenjewo ndi malichero awo n'kumadandaula kuti zinthuzi n'zolemetsa miyendo. Poyamba adadi ankaimba nyimbo za kwaya, n'kumatiuza mmene ankatsikira Mulanje ndi matabwa awiri pamutu. Itatha ola nyimbo inaleka. Pamutu pawo pankafuka nthunzi, jinzi itanyowa n'kuuma gwa kuyambira m'mawondo kutsika.

Tinafika pamalo ena oti see, otsika pang'ono pakati. Ndinaima. Pansi pa sinowo pankamveka madzi, kaphokoso kochepa ngati munthu akutsuka mkamwa. Mayi wa kukampu anatiphunzitsanso zimenezo, kuti timitsinje timabisala pamalo otere, ndipo munthu azilambalala. Adadi sanamve, ankangomva kupuma kwawo komwe. Ndinatsegula pakamwa. Ndinakumbukira mawondo anga pa sinowo paja. Ndinatseka.

Anaponda katatu, kachinayi analowa miyendo yonse iwiri. Khuvuu! Madzi akuda anatumphukira pamwamba.

"Alamu, mwatani?" anakuwa amalume.

"Palibe kanthu! Ndikusamba pang'ono!" anayankha adadi akuseka, akudzikoka ndi zigongono. Anakhala pamwala, n'kuvula mabuti, kukhuthula madzi, kufinya masokosi, n'kuvalanso omwewo. Anamanga zingwe n'kuimirira. Ulendo unayenera kuthera pamwala pamenepo, ndipo ine ndinkadziwa.

Sindinali ndekha wodziwa. Titakwera pang'ono tinakumana ndi azibambo awiri achizungu akutsika. Mmodzi anayang'ana miyendo ya adadi n'kuwauza mosapita m'mbali kuti abwerere, kumtunda mphepo yakula, ndipo ndi mapazi onyowa m'mabuti achitsulo akudziputira zina. Adadi anathokoza mwaulemu kwambiri. Azunguwo atadutsa, amalume anafunsa kuti amati chiyani.

"Akuti tatsala pang'ono, alamu."

Atanena zimenezo adadi anandiyang'ana. Lero ndimaganiza kuti mwina ankapempha kuti ndiwatsutse, ndilire, ndinene kuti ndatopa, chilichonse choti chiwapatse pobwerera popanda kugwa nkhope pamaso pa alamu awo. Mwana akalira palibe mkamwini amene wagonja. Ine ndinayang'ana kumbali, milomo nditaitulutsa.

Pamwamba penipeni sitinafikepo. Tinafika paphewa lina la phiri pamene mphepo inkakankha munthu ngati ili ndi manja, ndipo adadi anauza amalume kuti ndi pomwepa. Amalume anakondwa ngati mwana. Anaima pamwala, manja m'mwamba. Anakweza phazi kuti lichero lioneke. Anagwira sinowo m'manja ngati akudya. Adadi anavula magolovesi n'kujambula, kujambula, kujambula, ataima malo amodzi, miyendo ili m'sinowo. M'zithunzi zonsezo iwo mulibemo.

"Tiya, uli bwino?" anandifunsa tikuyamba kutsika.

"Eya."

"Inenso ndili bwino tsopano. Mapazi anandivuta kanthawi, koma asiya kuwawa. Azolowera."

Phazi silizolowera chisanu. Likasiya kuwawa ndiye kuti layamba kufa. Mawuwo anali pansonga ya lilime langa, koma ndinangoti, "Chabwino."

Kutsika kunatitengera nthawi yaitali kuposa kukwera, chifukwa amalume anali atatopa ndipo adadi ankawagwira mkono. M'galimoto adadi anatsegula hita mpaka kumapeto, n'kumaseka kuti sakumva ngati akuponda buleki kapena akuponda mpweya. Amalume anagona tisanafike n'komwe ku Dumbarton. Ine ndinafufuma kumbuyo ngati finye, ndikuyang'ana panja.

Tinafika ku Shawlands cha m'ma sikisi. Amami anali asanabwere. Amalume anakhala pa sofa n'kuyamba kutumiza zithunzi kumudzi, akuwerenga mokweza mayankho a anthu. Adadi anakwera masitepe movutikira, atagwira chitsulo cham'mbali, n'kulowa m'bafa. Patapita kanthawi ndinamva akundiitana motsitsa.

Anali atakhala pamphepete pa bafa, mabuti ali pansi. Zala za kumapazi zinali zotuwa, zolimba, ngati nkhuku yongotulutsa mufiriji. Anadina chimodzi ndi chikhadabo, sichinabwerere.

"Amalume ako asamve," anatero. "Tereka madzi undibweretsere m'beseni, ndithowe."

Kwathu chilichonse chotupa kapena chowawa amathowa ndi madzi otentha. Adadi anathowedwa ali mwana, anathowa ena, ndipo nthawi zonse zinkathandiza. Sankadziwa njira ina. Ine ndinkaidziwa.

Apa ndi pamene ndakhala ndikulambalala zaka zonsezi ndikamafotokoza nkhaniyi. Ndinapita kukhitchini. Ndinadzaza ketulo, inawira, ndinathira m'beseni. Ndinadzazanso, inawiranso, ndinathira. Ndinaima pampope wa madzi ozizira, dzanja lili pa mpopepo. Ndinathira kapu imodzi yokha, yongochotsera mlandu. Sindinkafuna kuwavulaza, Mulungu ndi mboni. Ndinkafuna aviike chala chimodzi, akuwe kuti mayo, adumphe, ndiye ine ndinene modekha kuti, "Mayi wa kukampu anati madzi akhale ofunda." Ndinkafuna amve kuwawa pang'ono chabe, kofanana ndi kwa mawondo anga. Chimene nzeru zanga zonse zija zinaiwala n'chakuti phazi limene lasiya kumva chisanu silimvanso moto.

Ndinaika beseni pansi, nthunzi ikukwera mpaka kuphimba galasi. Adadi anayang'ana madziwo. Anandiyang'ana ine. Kenako ananyamula mapazi onse awiri n'kuwaviika.

Sanakuwe. Anatseka maso n'kupuma mozama. "Zikomo, mwana wanga," anatero.

Ndinaima pakhomo kudikira kukuwa kuja. Sikunabwere. Sindidziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji, mwina mphindi imodzi, mwina zitatu. Ndinadzidzimuka nditaona pamwamba pa phazi, pamene panali pamoyo, pakufiira n'kuyamba kutukusira, adadi akuluma mano koma osatulutsa mapazi, poganiza kuti mankhwala akugwira. Pamenepo ndi pamene mawu anga anabwerera. Ndinakuwa, ndinakankha beseni, madzi anatayikira pansi ponse. Amalume anafuula ali pa sofa kuti kwagwanji uko.

"Mwana wataya madzi, alamu!" anayankha adadi. "Musavutike!"

M'mawa mwake mapazi anali matuza okhaokha, ena oyera, ena amagazi. Amami atawaona analira, n'kunena kuti tiyeni kuchipatala pompano. Adadi anakana. Lero ndi phwando la alamu, anatero. Tikakagonekedwa, akanena chiyani kumudzi? Kuti mkamwini anapita nawo kuphiri n'kukathera m'chipatala? Lachiwiri si kutali. Amami anakangana nawo monong'ona kuchipinda, koma mapeto ake anagonja, chifukwa nawonso ankaopa pakamwa pa achimwene awo. Anawamanga mabandeji, n'kuwaveka masokosi aakulu ndi nkhwaira. Anthu anauzidwa kuti abinya.

Lamlungu limenelo adadi anakwera basi. Nthawi ya chopereka anakhala pampando. Kuphwando amalume anayankhula kwa theka la ola, foni ikuyenda m'manja mwa anthu kuti aone zithunzi. Anati phiri la azungu si kanthu kwa mwana wa ku Phalombe. Pomaliza anati, "Ndaona ndi maso anga. Mkamwini wathu akusunga bwino mbumba." Anthu anaomba m'manja. Ndinaona adadi akumwetulira, thukuta lili kamukamu pachipumi, ndipo ndinadziwa kuti kwa iwo mawu amenewo anali okwanira.

Lachiwiri anawaperekeza kubwalo la ndege pa takisi, n'kuwanyamulira sutikesi mpaka pa sikelo. Amalume atangolowa mkati, amami anauza wa takisi kuti atembenukire kuchipatala. Nthawi imeneyo n'kuti fungo litayamba.

Madokotala anayesetsa kwa sabata zingapo. Mapeto ake anadula zala zitatu kuphazi lamanzere, kuphatikizapo chachikulu, ndi ziwiri kulamanja. Tsiku lina ndili pambali pa bedi, dokotala ananena kuti chisanu chokha chikanangowononga nsonga za zala. Chimene chinamaliza ntchito ndi kupsa kuja ndi masiku atatu odikira aja. Anafunsa kuti madziwo anakonza ndani.

"Ndekha," anatero adadi.

Kuyambira pamenepo milatho anasiya kukwera, anawapatsa desiki ndi kompyuta. Amayenda, inde, koma chotsimphina, ndipo nthawi yachisanu amatenga ndodo. Munthu wopanda chala chachikulu savina chobwerera m'mbuyo. Mzere wa abambo anayamba kutsogolera ena. Kumudzi anauzidwa kuti ndi shuga, ndipo amalume anatumiza uthenga wachipepeso, n'kuwonjezera kuti alamu achepetse zakudya za azungu.

Ndinasenza zimenezi zaka khumi ndi zisanu osauza munthu. Adadi sanazitchulepo. Akanandimenya bwenzi zitatha, koma iwo ankangondikonda monga kale, ndipo chimenecho n'chimene chinkandidya. Ndinazitulutsa ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, tsiku lina ndikuchokera nawo kukiliniki kumene amawayeza nsapato zawo zapadera. Ndinaimika galimoto pakhomo pawo, koma sindinatsegule chitseko. Ndinawauza zonse: za kamtsinje kaja, za azungu awiri aja, za kapu imodzi ya madzi ozizira. Ndinawauza kuti ndinkadziwa, ndipo ndinachita dala.

Anasisita mutu wa ndodo yawo.

"Pa galimoto paja unkanena zoona," anatero. "Ndinadziwa nditangoponda phazi loyamba. Koma ndikanawavula bwanji alamu, mwana atalamula?"

"Nanga madzi aja, adadi? Simunaone nthunzi?"

"Ndinaiona."

"Ndiye munaviikiranji?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chinthu chodziwikiratu. "Ndinali nditakugwaditsa kale m'mawa pamaso pa anthu. Tsiku lonse sunandiyankhule. Ndiye wandinyamulira madzi ndi manja ako, ine ndikubwezenso kuti sunachite bwino? Ndinati ndikhala ndamunyoza mwana kawiri tsiku limodzi."

Ndinalira m'galimoto muja mpaka iwo kuyamba kunditonthoza, zimene zinandikwiyitsanso.

Anthu amafuna kuti nkhani ngati iyi ithere pa kukhululukirana, ndipo ife tinakhululukirana, koma mkwiyo wanga sunathe ndipo sindikufuna kunamiza munthu. Ndimakwiyira amalume, amene sanacheukepo n'kamodzi komwe kuyang'ana miyendo ya munthu amene ankawapondera njira. Ndimakwiyira amami chifukwa cha masiku atatu aja. Ndimakwiyira adadi, amene ankalemekeza aliyense kupatula mapazi awo. Koma woyamba pamzerewo ndi ine. Zaka zambiri ndinkadzinamiza kuti ndinakhala chete chifukwa anandiuza kuti mwana sauza akulu. Bodza. Mwana waulemu akanalira, akananamizira kudwala m'mimba, akanagwadanso kachiwiri n'kupempha kuti tibwerere. Ine ndinakhala chete pofuna kuti zinthu ziipe kuti zindichitire umboni. Chete wanga ankaoneka ngati ulemu, ndipo palibe amene akanandigwira, koma anali kubwezera.

Masiku ano amayi a kutchalitchi amati Tiyamike ndi wapakamwa, salemekeza akulu, anakulira kwa azungu. Anene. Ndikaona munthu akulunjika poti agwa ndimanena, akandikalipira ndimanenanso, akandichititsa manyazi ndimameza n'kunenanso kachitatu. Manyazi a pa Arrochar paja akanatha pofika Lolemba. Amalume anamwalira chaka chatha akudziwabe kuti unali shuga, ndipo adadi, ndi zala zawo zisanu zotsalazo, anakwera ndege kukawaika.